Chaka Chimene Lole Inamwa Nyali Zathu

Anthu akamakumbutsana za chaka chimenecho, aliyense amachitchula ndi pamene chinamuluma. Ena amati chaka cha ng'amba, ena amati chaka cha mizere ya mafuta, ena amangoti chaka cha madeya n'kusintha nkhani. Ine ndimati ndi chaka chimene mkazi mnzanga anamwa palafini.

Musandimve molakwa. Amuna anga, bambo a Tadala, sanatengepo mitala. Mkazi mnzangayo inali lole, yobiriwira, ya matani atatu, yokalamba kuposa ukwati wathu. Ndipo nsanje imene ndinkachita nayo inali yeniyeni, yotentha pachifuwa. Kukacha, asanandifunse kuti ndadzuka bwanji, ankakhala atagwada kale pansi pake kuona ngati yadontha. Chitenje changa chikangoyamba kutha pang'ono, ndinkachipeza chili bii kuseri kwa mpando wa dalaivala. Ine ndikatsokomola ankati, "Imwani madzi otentha." Iyo ikatsokomola, chakudya chinkawakanika kukhosi. Ndinayamba kuitchula kuti Mayi Aang'ono pofuna kuwapsetsa mtima, koma iwo anangoseka, dzina n'kugwira, mpaka mudzi wathu wonse kuno kwa Kanduku unkafunsa kuti, "Mayi Aang'ono apita kuboma lero?" Ine ndinalumbira kuti kutsogolo kwake sindidzakhalako. Ndikafuna kupita kumsika ndinkakwera kumbuyo pamodzi ndi matumba a anthu, nkhope itayang'ana kumene tikuchokera.

Chifukwa chake ndinkachidziwa, kungoti sindinkafuna kuchivomera. Bambo a Tadala anali mkamwini. Kwawo kunali ku Thyolo. Munda umene ankalima unali wa mayi anga, nyumba anaimanga pa dothi la kwathu, ngakhale manachesi amene ankapita nawo ku Blantyre nthawi yozizira anabzala ndi agogo anga. Loleyo yokha ndiyo inali yawoyawo. Anaigula atatha zaka zambiri akuyendetsa magalimoto a eni ake pamsewu wa ku Tete. Tsiku lina titayambana anandiuza mofatsa, uku akupukuta galasi, "Mayi a Tadala, mlendo ndi mame. Mukadzatopa nane ndidzatuluka muno ndi bulangete ndi loleyi. Ndipo ndikadzafa, ndi yomweyi idzanditengere kwathu." Ndinawayankha kuti ngati ndi choncho aiphunzitsiretu kuyenda yokha. Pakamwa panga ndi pamenepo, ndinabadwa napo.

Novembala

Mvula inabwera msanga, yamphamvu, koma ya tsiku limodzi. Dothi linanunkhira, ngumbi zinatuluka, tonse tinathamangira kumunda ngati taitanidwa. Tinabzala mbewu yonse, yogula ndi yamakolo yomwe, palibe amene anasiyako ndi chikho. Chimanga chinamera bwino, masamba atatu, anayi. Kenako kumwamba kunangoyera.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati ndinali m'tulo. Masana mitambo inkaunjikana kumapiri a ku Mozambique, yakuda, yolemera, ndipo tinkaima pakhonde kuionerera ikukhuthulira madzi eni ake. Mphepo inkatibweretsera fungo lokha. Chimanga chinapota masamba mpaka kufanana ndi anyezi. Ndinkapita kumunda ndi khasu, n'kuima pakati pa mizere, n'kubwerera kunyumba osadziwa kuti ndinapitira chiyani.

Kuboma nako kunali ng'amba yakeyake. Dizilo anasowa. Mzere wa magalimoto unkayambira pamalo omwetsera mafuta n'kukhota mpaka kuseri kwa msika, malole akuluakulu a ku Tete ataima mondondozana, madalaivala akuchapa malaya n'kuyanika pamagalasi. Bambo a Tadala ankatha masiku atatu pamzerepo n'kubwera ndi chigubu chimodzi, nthawi zina chimanjamanja. Ena ankati sitima ya mafuta yaima panyanja ikudikira ndalama zakunja. Ena ankati mafuta alipo koma akubisidwa. Kutsidya kwa malire dizilo analiko, koma ogulitsa ankayang'ana kwacha yathu ngati tsamba la mango. Palafini yekha ndiye ankapezekabe m'magolosale, wobwera panjinga, wogulitsa m'mabotolo.

Disembala

Kutagwa kamvula ka masiku awiri tinapachiza ndi mbewu yopempha. Nayo inapsa. Nkhokwe yathu inayamba kuonetsa pansi, ndipo yathu inali mwa zabwinoko. Mtengo wa ndowa ya chimanga unkakwera m'mawa n'kukweranso masana, pamene wa mbuzi unkangotsika. Pofika Khirisimasi mbuzi yabere inkasinthana ndi ndowa imodzi, mwini chimanga akuchita kunyinyirika ngati ndiye waberedwa.

Mwezi umenewo ndinakwera nawo kupita kuboma kukagula mchere. Pobwerera tinaima pagalaja ya a Domingo, makaniko wa kuseri kwa msika. Mayi awo anali a ku Tete, ndipo iwo ndiwo okha ankaloledwa kugwira injini ya Mayi Aang'ono.

"A Domingo," anatero amuna anga, "anzanga pamzere paja akuti palafini amayenda. Nzoona?"

"Amayenda, amigo. Ngakhale munthu amayenda atamwa kachasu osadya kanthu. Funsani kuti amafika kuti."

Anatenga zivindikiro ziwiri za mabotolo, china anathiramo dizilo, china palafini, kenako anandikodola ndili pamatumba paja. "Mayi, tsikani. Inu ndi amene mumadziwa mafuta. Viikani zala apa, mutikite." Dizilo anali woterera, zala zinkatsetsereka zokha. "Tsopano apa." Palafini anauma msanga, khungu likugwirana, likumveka kukhakhala.

"Mwaona? Mkati umu muli pampu imene imakankhira mafuta mu injini. Tizitsulo take timathamanga kuposa maso, ndipo tilibe oyilo wathu. Timadzola dizilo yemweyo amene tikupopa. Mukaipatsa palafini, ndiye kuti mukusinja mtondo wopanda kanthu. Musi udya mtondo, mtondo udya musi."

"Nanga munthu akapanikizika?"

A Domingo anapukuta manja nthawi yaitali. "Akapanikizika, zigubu zitatu za dizilo, chimodzi cha palafini, ndi kabotolo ka oyilo pamwamba. Pronto. Mukapitirira apo, musadzabwere kuno kudzalira."

Ine ndinakwera pamatumba panga ndikununkhiza zala. Mumtima ndinati, ohoo, kani nawo Mayi Aang'ono ali ndi pofera. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala pang'ono.

Januwale

Mvula inabwerera yambiri, ngati mbale wofika pamaliro manda atakwiriridwa kale. Tinabzala kachitatu, ambiri mbatata ndi maungu, ena kachimanga kocha msanga. Koma chimene wabzala lero sudya mawa. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, kenako phala la madeya, kenako mango osapsa ophika ndi mchere. Anthu anafumula malata padenga kukagulitsa, n'kumanyowa ndi mvula yomwe ankailira ija. Mwamuna wa mng'ono wanga ananyamuka kuti akupita ku Joni, mpaka lero akupitabe. Kunabwera olemba maina a chithandizo. Tinalembetsa, tinadinda zala, tinadikira. Mphekesera inkati chimanga chili m'njira, koma nacho chinkadikira dizilo yemweyo.

Chimene chinatipatsa podalira ndi mitambo ija tinkaionerera. Kuseri kwa mapiri, mbali ya Mozambique, kunali mlimi wina wa minda ikuluikulu, anthu ankangomuti patarau, kutanthauza bwana m'chilankhulo cha kumeneko. Anali ndi chimanga cha chaka chatha m'nkhokwe ndi udzu wochuluka m'munda, ndipo ankalipira ganyu ndi chimanga. Wapansi ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi theka, zitunda zokhazokha, njira ya m'tchire imene malire ake ndi mwala wopaka laimu. Wopita chimanjamanja ankafika, koma kuti wanjala abwerere ndi thumba pamutu, ayi. Ndiye bambo a Tadala anayamba kupita Loweruka lililonse kukatenga matumba a anthu, aliyense n'kuwapungulira mbale imodzi.

Ulendo woyamba anatsata mawu a makaniko. Wachiwiri anathira ziwiri kwa ziwiri. Wachitatu sanandiuze, ndinangomva ndi mphuno. Loleyo ikalira pabwalo, mudzi wonse unkanunkha nyali yongozimitsa kumene. Utsi wake wakuda uja unatha. Unkatuluka woyera, wopyapyala, n'kumayandama pamwamba pa nandolo osafuna kubalalika. Mawu ake nawo anasintha. Kale inkalira mokhuta, tsopano inkalira mouma, timiyala m'chitini. Chitunda cha pa Mbuzi, chomaliza pofika kwathu, chimene inkakwera itasenza katundu osapumira, tsopano inkakwera anthu atatsika, wina akutsatira pambuyo ndi mwala wotchingira tayala. Inayambanso khalidwe lachilendo. M'mawa kukuzizira inkalira bwinobwino, koma ikatentha n'kuzima, inkakana kuliranso mpaka ataviika nsanza mumtsinje n'kuikulunga papampu.

"Yayamba malungo," ndinawaseka tsiku lina. Sanaseke. Anatenga mbale yawo ya phala n'kukadyera mu lole.

Febuluwale

Lolemba lina kumayambiriro kwa mwezi anandiitana kuseri kwa nyumba. Anali atamasula fyuluta, kasefa kamene mafuta amadutsamo, n'kukhuthulira zam'kati mwake m'mbale yanga yoyera ya alendo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe za mbaleyo, koma iwo anaipendeketsa padzuwa. Pansi pa mafutawo panali tinthu tonyezimira, tosalala kuposa mchenga, tikuzungulira pang'onopang'ono. Kunena zoona, tinali tokongola. Ndi mutu wopepuka ndi njala uja ndinatiyang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza za ndolo za mkwatibwi.

"Ndi chiyani chimenechi?"

"Ndi mtondo uja," anatero. "Ikudzidya."

Tsiku lomwelo anaikweza pamiyala, anachotsa batire, anaifunditsa tenti. Anayenda nyumba ndi nyumba kupepesa. "Ikapumula mpaka dizilo atabwera, ichira. Ikapitanso ulendo wina, sibwerera." Palibe anawatsutsa. Koma anthu anali atamaliza kale ganyu wa kubandira, wa sabata ziwiri, ndipo malipiro awo onse anali ataunjikidwa pakhonde pa patarau kudikira Loweruka. Amuna atatu anayesa kupita panjinga. Mvula inali itakumba njira. Patatha masiku anayi awiri anabwera ndi theka la thumba, wachitatu anabwera atamangidwa pakaliyala m'malo mwa chimanga, miyendo itatupa. Sabata imeneyo tinaika ana awiri m'mudzi. Bambo a Tadala anakumba nawo manda onse awiri.

Kwathu kuno pakagwa maliro, sauza munthu kuti bweretsa ufa. Nyumba iliyonse imatuma mayi ndi kambale, amakatula pakhomo pa anamfedwa n'kukhala pansi. Loweruka m'mawa, kuli nkhungu, ndinatuluka kuti ndisese, ndipo ndinapeza amayi a m'mudzi atakhala pabwalo panga, miyendo itatambasulidwa, chete. Patsogolo pawo, kuzungulira lole, anali atatula nyali. Zakoloboyi zopanga ndi zitini, zagalasi, mabotolo a palafini otseka ndi zitsononkho, ndi kachigubu ka kutchalitchi kamene tinkasungira Pasaka. Nkhungu inkadutsa pakati pawo. Ndinaganiza kuti ndikulota maliro anga.

Chimene chinandigwira sindichidziwa mpaka lero. Ine yemwe ndinkaifunira loleyo phompho, ndinakaima patsogolo pake ndi tsache m'manja.

"Chotsani zinthu zanuzi! Mukudziwa chimene mukupempha? Minda ndi yathu, mudzi ndi wathu, munthuyu chake ndi chimodzi chokhachi. Mukufuna mumudyere nachonso?"

Amene anayankha ndi aNambewe, mnansi wanga wamasiye. Tinali titatha zaka ziwiri osapatsana moni chifukwa cha mbuzi zawo ndi chinangwa changa. Sanakweze mawu.

"Mayi a Tadala, sitinapemphe kanthu. Tangotula. Akakana, titenga nyali zathu tizipita, ndipo palibe adzawanene. Koma ine nyali ndiyatsirenji? Kuti ndiziona bwino mwana akutupa?"

Bambo a Tadala anali ataima pakhomo, malaya osamanga. Anayang'ana nyalizo, anayang'ana tenti. Kenako anandiyang'ana ine n'kumwetulira pang'ono.

"Lero mwawaikira kumbuyo Mayi Aang'ono?"

"Musandiseke, inu."

"Sindikuseka. Katengeni nyali yathu. Mubweretsenso mpango wanu, tisefere."

Amene anathira ndine. Mayi aliyense ankabwera, n'kuchotsa chingwe cha nyali yake, n'kundipatsa. Ndinkakhuthulira pampango, palafini akulowa muthanki ndi kamawu kochepa. Zina zinali ndi madontho chabe. Oyilo anali atatsala theka la kabotolo. Ameneyo anathira okha, n'kutsukuluza botololo ndi palafini kuti pasatsale kanthu. Amuna anaitsitsa pamiyala, batire inabwerera. Inalira pa kiyi woyamba, utsi wake woyera n'kusakanikirana ndi nkhungu.

"Kwerani kutsogolo," anandiuza. "Ndikufuna munthu wonyowetsa nsanza." Lumbiro langa linathera pomwepo.

Sindinkadziwa kuti kutsogolo kumaoneka chomwechija. Zaka zonsezo ndinkaona dziko likundithawa, tsiku limenelo linkabwera kwa ine. Ndinali nditatha masiku awiri ndi ndiwo za nkhwani zokha m'mimba, ndipo fungo la palafini linandizunguza mutu mokoma. Mapiri ankayandama pamwamba pa nkhungu. Mitengo ya misuku inkatipatukira. Titadutsa mwala wa laimu tinalowa m'minda ya eni ake, chimanga chitamasula, chobiriwira mopweteka maso. Bambo a Tadala ankayendetsa khutu lili ku injini, milomo ikuyenda. Ndinkayesa akupemphera, koma nditatchera khutu ndinamva akuiuza njira. "Apa pali dzenje, mama. Pang'onopang'ono. Tatsala pang'ono, mama." Nsanje sinabwere. Ndinaika dzanja pachitsulo chotentha cha pakati pathu, nanenso ndinati mama.

Amuna asanu amene anakwera kumbuyo anakweza matumba mwachangu, lililonse lili ndi kansalu ka mwini wake pakamwa. Pobwerera inazima kawiri. Kachiwiri kanali pamtsinje. Ndinang'amba chitenje changa chabwino, ndinachiviika, ndinakulunga pampuyo monga ndinkachitira pamphumi pa Tadala akatentha thupi. Nthunzi inakwera. Tinakhala pamiyala kudikira, madzi akuyenda pamapazi, agulugufe achikasu ataunjikana pamatope. Ndinanyowetsa kachitatu, kachinayi, kenako inavomera.

Tinafika patsinde pa chitunda cha pa Mbuzi dzuwa litapendeka. Amuna aja anatsika. Ine ndinagwira chitseko, koma anati, "Inu khalani." Analowetsa giya yoyamba. Inkakwera ndi liwiro la munthu wosenza mtolo wa nkhuni, ikunjenjemera yonse, timiyala tija tikulira m'chitini. Pakati pa chitunda ndinaona anthu akutsika kuchokera pamwamba. Anali atamva kulira kwake ali kumudzi. Anafika n'kuika manja pamene aliyense anapeza, amuna, amayi, aNambewe ali pagalasi la mbali yanga, nkhope yawo pafupi ndi yanga. Sanaimbe nyimbo, mphamvu yake panalibe. Kunkangomveka kupuma.

Matayala akutsogolo atadutsa pamwamba, panamveka kamawu kakang'ono, kha, ngati wathyola mtengo wouma wa chinangwa. Kenako zii.

Bambo a Tadala sanagwirenso kiyi. Anachotsa giya, dzanja lina pachiwongolero, lina pabuleki ya pamanja. Kuchoka pamenepo njira imatsetsereka pang'onopang'ono mpaka m'mudzi, ndipo loleyo inayamba kutsika yopanda mawu. Ndinamva zinthu zimene munthu samva ali m'galimoto: matayala akuponda mchenga wonyowa, njiwa m'mitengo, madzi akudontha kuchokera pachitenje changa chija. Utsi kunalibe. Nandolo ankadutsa mbali zonse, anthu akutsatira pambuyo chapansipansi. Tinadutsa pamjigo, tinadutsa patchalitchi, tinakhota kulowa pabwalo pathu. Inaima pansi pa mtengo wa mango, mapazi asanu kuchoka pamiyala yake.

Amuna anga anatsamiritsa mphumi pachiwongolero. Patapita nthawi anati, osadzutsa mutu, "Paja munati ndiiphunzitse kuyenda yokha."

Amene analira ndine, kulira kwenikweni, kokweza mawu, moti anthu oyamba kufika ankayesa wafa ndi mwamuna wanga.

Malichi

Chimanga chija chinatifikitsa ku maungu. Sitinaikenso mwana. Wa aNambewe anaphwa miyendo, anayamba kuthamangitsa nkhuku zanga, ndipo sindinakalipe. Mudzi wonse unalibe nyali. Tinkadya dzuwa likadalipo n'kulowa m'nyumba limodzi ndi nkhuku, ndipo sindinamve munthu akudandaula.

A Domingo anamva nkhaniyo kuboma. Anabwera okha panjinga, sipanala zili m'thumba la ufa. Anamasula pampu, anaitsegula pamkeka, anayang'ana, n'kuvula chipewa. "Yadyeka mpaka yagwirana, chitsulo cha pakati chathyoka. Tiziphuphu take tafika paliponse. Nada, amigo." Mtengo wa pampu ina anautchula motsitsa mawu, ndipo sitinaubwerezenso m'nyumba mwathu. Ponyamuka anagwira amuna anga paphewa. "Ndinati musadzabwere kudzalira. Mwaona, ndabwera ndine."

Chimanga cha chithandizo chinafika kumapeto kwa mweziwo, anthu atayamba kale kuotcha mondokwa. Dizilo naye anabwera kuboma patapita sabata zingapo. Bambo a Tadala anamva pawailesi, anaizimitsa, anatenga khasu. Anasanduka mkamwini wamba, wa khasu ndi njinga, ndipo zinkandipweteka kuwaona akupatukira magalimoto a anzawo mumsewu. Koma kukacha ankagwadabe pansi pa loleyo kuona ngati yadontha.

Meyi

Zokolola zinali zochepa, zitsononkho zazifupi, koma zinali zathu. Kunja kunayamba kuzizira, manachesi anayamba kupsa opanda wowanyamula. M'mawa wina aNambewe analowa pabwalo ndi dengu pamutu. Anandipatsa moni, woyamba m'zaka ziwiri, koma sanaime. Anaponda patayala, anakhuthulira chimanga kumbuyo kwa lole, anatsika. Pambuyo pawo panabwera wina, kenako wina. Palibe anamemeza.

Bambo a Tadala anatuluka akukupiza manja. "Iyayi, amayi, iyayi! Munandipatsa kale, mbale mbale."

"Ndani akupatsa inu?" anatero aNambewe. "Tikupatsa Mayi Aang'ono. Inu tengani nsungwi muwamangire denga, anyowa."

Anamanga denga la udzu, ndipo loleyo inasanduka nkhokwe. Chaka chotsatira madengu anabweranso, mpaka chinakhala chizolowezi. Chimangacho sitinkadya tokha. Febuluwale akafika, wosowa ankabwera ndi kambale, amuna anga n'kukwera pamwamba kumutapira. Kupatsa n'kuika, akuluakulu sananame.

Amuna anga anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri. Anamwalira mwezi wozizira, atadwala chifuwa sabata zitatu. Abale awo anafika kuchokera ku Thyolo kudzatenga thupi, monga mwa mwambo, pakuti mkamwini amakagona kwawo. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana zopeza galimoto. Ine ndinali pakhonde ndi amayi anzanga, ndikukumbukira mawu aja a pagalasi, mtima ukuwawa. Ndipamene aNambewe anadzuka, anakagwada chapatali ndi amunawo n'kuomba m'manja.

"Zikomo, achimwene. Pepani ndalowerera nkhani ya amuna. Galimoto yomutengera kwanu munthuyu anali nayo. Ndi iyo mwaitsamirayo. Tinaidya ife, mudzi wonse, ndi ana athu omwe. Tilibe ina yomubwezera. Chimene tili nacho ndi dothi. Mutisiyire munthuyu."

Mkulu wawo wa malemu anatembenuka kuyang'ana loleyo, matayala atamira m'nthaka, maungu atayanga pachitseko, chimanga chili tho pansi pa denga. Kenako anafunsa kuti kumanda ndi mbali iti.

Agona kwathu kuno, pafupi ndi mayi anga, ndipo malo a pambali pawo ndi anga. Masiku ano timaunikira matochi ndi tinyali ta dzuwa, adzukulu anga palafini sakumudziwa ndi fungo lomwe. Mayi Aang'ono alipobe pansi pa mango, tatsala awiri pakhomo pano. Kukacha, ndisanagwire tsache, ndimapita kukagwada pansi pawo kuona ngati adontha. Alibe choti adonthe, ndikudziwa. Ndimangogwada.